Kukasaka Kabuleta ku Nyimba

Tinanyamuka pakhomo ku Petauke Lachinayi sikisi koloko itangopitirira, anthu atatu: amalume anga aDaka, mnzawo aNjovu, ndi ine Tionenji. Mwa atatufe, ine ndekha ndinkadziwa kuti ulendowo unali wabodza. Akuluakulu awiriwo anavala masuti, mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. Ya amalume inkanunkha m'sutikesi. Ya aNjovu inali ya tsiku la ukwati wawo, ndipo manja ake ankathera pakati pa chigongono ndi wotchi. Ine anandipatsa buku kuti ndinyamule.

Tisanatuluke pageti amalume anaima kaye pambali pa galimoto yawo monga amachitira m'mawa uliwonse. Ndi galimoto ya Chifalansa yakalekale, ya kamkango kachitsulo pamphuno, imene ankanyamulira anthu pakati pa Petauke ndi Nyimba amayi anga akali namwali. Chibadwire changa sindinaionepo ikuyenda. Inkangokhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, matayala ali m'malere. Amalume ankati chosowa n'chimodzi chokha, kabuleta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya, chimene mbala zinazula zaka zambiri zapitazo. Koma mwana wawo Mabvuto, msuweni wanga, anali atathira kale mchenga ndi njerwa pafupi, akufuna kumanga mashopu awiri pamalo omwewo. Pangano lawo linali lotere: injini ikalira lisanafike Loweruka, galimoto idzasunthidwira kuseri kwa nyumba n'kusiyidwa mumtendere. Ikapanda kulira, adzabwera anyamata ogula zitsulo zakutha, ndi nkhwangwa zawo ndi sikelo.

Buku ndinanyamulalo ndi kaundula wakale wa kusukulu amene amalume ndi aNjovu amamatamo zotsatsa malonda a magalimoto zodulidwa m'manyuzipepala akale. Amamatira phala la ufa wa chinangwa, ndiye mphemvu zinadya makona onse. Muli azungu omwetulira atatsamira zitseko, amayi ovala magalasi akuda atakhala pa boneti, ndi mawu olonjeza kuti galimoto iyi idzafika kumene msewu sunafike. Lamlungu lililonse masana ndine ndimawawerengera, popeza maso awo anatha. Ndimawerenga tsamba limodzi, iwo n'kukangana ola lathunthu za mtundu wa mipando. Ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira giredi faifi, pamene anzanga ali ku netibo. Musanandiweruze, kumbukirani ma Lamlungu amenewo.

Bodzalo linabadwa chonchi. Kusukulu anandipatsa chilango chosesa m'chipinda chosungira zinthu, chifukwa cha nkhani ina ya chule ndi chikwama cha mtsikana wolemba maina a ochita phokoso. Pansi pa kabati ndinapeza nyuzipepala yachikasu, yakale kuposa sukuluyo. Mkati mwake munali kabokosi kokhala ndi chithunzi, kotsatsa galaji ya aSakala, kuseri kwa msika wa Nyimba, kolonjeza zipangizo zonse za magalimoto a Chifalansa. Ndinadula tsiku ndi lumo, mitengo ndinaiphimba ndi kapepala, n'kukapangitsa fotokope ku boma pa makwacha awiri. Makina aja ndi mfiti. Pepala lokalamba linatuluka loyera mbee, ngati lasindikizidwa m'mawa womwewo. Ndinawauza kuti ndalimatula pakhoma la pa siteshoni.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinaiwala kubisa, nambala ya foni, imene inali ya manambala atatu okha. ANjovu ataiona ndi galasi lawo lokulitsira ndinati basi ndagwidwa. Koma iwo anagogoda pepalalo ndi chala n'kunena kuti apa ndiye pali umboni. Munthu weniweni wa bizinesi sasintha nambala ngati anyamata a masiku ano. Amalume anavomereza, n'kuwonjezera kuti chimene chasindikizidwa sichinama, chifukwa chimadutsa m'manja mwa anthu ophunzira. Ndinathawira kuchimbudzi kukasekera kumeneko.

Cholinga changa chinali kuwaulula pa siteshoni, nditawaona m'masuti. Koma titafika amalume anali atayamba kale kuuza aliyense, ngakhale ogulitsa mazira owiritsa, kuti mkango ulira Lachisanu. Ndinaona kuti nthabwala sinapse. Komanso ndinali ndisanafikepo ku Nyimba.

Tinakwera takisi hafu pasiti seveni, makwacha handiredi munthu mmodzi. Inali galimoto ya anthu asanu koma tinalowa asanu ndi atatu, wachisanu ndi chinayi ali tambala wa mayi wina wovala yunifomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo. Amalume anaumirira mpando wakutsogolo, ati munthu amene anagwirapo chiwongolero sakhala kumbuyo. Anapanikizana ndi mnyamata wa chikwama cha mbewu, bondo lawo likugunda wailesi. Tisanafike n'komwe pamphambano ya msewu waukulu wa tala anali atapeza kale milandu itatu pa galimotoyo. Inalibe fungo la galimoto. Chitseko chake chinkatsekeka ngati chitini. Choipitsitsa, inalibe magiya, inkangodzisinthira yokha. ANjovu kumbuyo anati imeneyo si galimoto, ndi mpando wokankhira odwala. Anakumbutsana za giya ya pa chiwongolero, imene munthu ankaisintha ndi zala ziwiri osataya ndudu, ndi za tsiku limene mkango unakwera chitunda china utanyamula anthu khumi ndi awiri, thumba la mchere ndi mkwatibwi.

Dalaivala anali mnyamata wa ndolo kukhutu, wotafuna kamtengo ka machesi. Anamvetsera mpaka anatopa.

"Manje atate, yanu yamene iyo ili kuti lelo?"

"Ili pa nyumba," anatero amalume.

"Ndiye mwakwela chitini changa?"

Galimoto yonse inaseka, ngakhale mayi wa tambala. Amalume anayang'ana kunja. Khosi lawo kumbuyo linali ndi mizere ngati munda wolimidwa mwezi watha, ndipo kolala ya malaya inkazungulira patali osalikhudza. Ndinaseka nawo, chifukwa dalaivalayo anaponya bwino.

Cha m'ma hafu pasiti eyiti tinaima pa mphambano yopita ku Minga kuti mayi wa tambala atsike, ndipo dalaivala anati tidikire wina woti adzaze malowo. Minda yonse inali yopsereza, yakuda, mitengo ili mbuu kudikira mvula. Ndinagula chinangwa chootcha cha faifi kwacha. Ndikuchisenda, ndinaona amalume akuthamanga. Sindinawaonepo akuthamanga. Ankatsata ngolo ya ng'ombe ziwiri yonyamula migolo ya madzi, jekete likuuluka, akukuwa kuti iime.

Mwini ngoloyo anaimika ng'ombe ali ndi mantha, akuganiza kuti mwina ndi anthu a msonkho. Amalume anagwada m'fumbi n'kuyamba kuwerenga mabawuti a gudumu. Anali atatu. Magalimoto ena onse amakhala ndi anayi kapena asanu, koma mtundu wa mkango wawo uli ndi atatu okha, ndipo ndinamvapo zimenezi ma Lamlungu osawerengeka. ANjovu anafika akupuma movutikira, anasuzumira pansi pa ngolo, n'kutsimikiza kuti ekiselo yonse ndi ya mkango. Anamufunsa mwini ngoloyo kumene anaipeza. Iye anati anagula ngoloyo ili yomangamanga kwa wowotcherera zitsulo wa ku Kaumbwe. Nanga thupi la galimotoyo? Nanga injini?

"Niziwa lini, atate. Ine nifuna chabe vizungulile."

ANjovu anavula chipewa ngati akudutsa maliro. Ng'ombe imodzi inasankha nthawi yomweyo kuchita chimbudzi, ndowe n'kugwera pafupi ndi nsapato yawo yopolisha. Chinangwa chinandilowa m'mphuno. Apa ndiye panali pabwino kuulula, titatsala ndi theka la ulendo, ndipo ndinatsegula pakamwa. Koma amalume akudzuka anasasa maondo n'kunena kuti ichi ndi chizindikiro chabwino: ngati miyendo ili kuno, mtima uli pafupi. Munthu wonena mawu otere sungamudule pakati. Ndinabwerera m'takisi.

Tinalowa mu Nyimba cha m'ma teni. Galimoto isanaime bwinobwino mawindo anali atadzaza nthochi. Azimayi ogulitsa ankathamanga ndi malichero, aliyense akulumbira kuti zake ndi za m'mawa uno, za mnzakeyo ndi za mailo, zogonera dzulo. Ndinagula phava lalikulu pa makwacha khumi. Amalume anakana kudya, ati ntchito kaye.

Tinafunsa anyamata a njinga zamoto za galaji ya aSakala. Anayang'anizana. Wina anatiloza kwa wokonza mafoni, wina anati mwina tikunena aSakala ogulitsa mankhwala a m'munda. Amene anadziwa anali telala wina wokalamba pakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi. Analiyang'ana pepala lija nthawi yaitali, anatiyang'ana ife, kenako anati tidutse pakati pa ogulitsa kapenta, tikhotere kumanja, titsate phokoso. Sananene zambiri. Ndikuganiza kuti anafuna kuti nkhaniyo ituluke pakamwa pa wina.

Phokosolo linali la chigayo. Nyumbayo inali yomweyo ya pa pepala, chitseko chachikulu chachitsulo ndi kawindo pamwamba, koma m'malo mwa magalimoto panali mzere wa matumba a chimanga ndi ana atakhalira. Pakhoma, pansi pa laimu, munthu ukanayang'anitsitsa ukanaona mthunzi wa zilembo zakale. Anatulukira mayi wina wamkulu thupi, nsidze zili zoyera ndi ufa, n'kutipatsa moni mwaulemu. Amalume anakonza tayi, anapereka pepala ndi manja awiri, n'kunena kuti abwera kudzaonana ndi aSakala pa nkhani ya kabuleta.

Mayiyo analamula kuti chigayo achizimitse. Mwakachetechete mmenemo anayang'ana pepalalo, n'kuika chala pa kamunthu koima pakhomo m'chithunzi.

"Awa ndi atate anga. Onani, akali ndi tsitsi." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Bambo, pepala ili ndi la kale maningi. Pamene linatuluka ine ninali ku msana. Atate tinaika m'manda mwana wanga woyamba akalibe kubadwa, manje ali ndi ana ake. Mwalitenga kuti?"

ANjovu anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

Ndinali nditausunga masiku anayi mseko umenewo, ndipo unatuluka wonse. Ndinaseka mpaka ndinakhala pa thumba la chimanga cha munthu, misozi ikutsika, nthochi zili pamiyendo. Ndinawafotokozera zonse, za kabati, za lumo, za makina a fotokope, za nambala ya manambala atatu. Ana a pamzere anayamba kuseka osadziwa chimene akusekera. ANjovu ananyamula ndodo yawo, akuti mwana uyu adzafera kundende, mwana wopanda mwambo, mbewu ya chisoso. Zimenezo ndiye ndinkayembekezera, ndipo zinandikomera ngati shuga. Ndinali wokonzeka kuthawa kuzungulira chigayo.

Koma amalume sanandiyang'ane n'komwe. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kufunsa mayiyo ndi mawu omwe aja aulemu.

"Amai, nanga vitsulo vinayenda kuti?"

Mayiyo anawawerengera ngati akugawa nyama ya ng'ombe. Ma ekiselo anatenga opanga ngolo. Masipuling'i anatenga osula makasu ndi nkhwangwa. Zitseko zina zili pa makola a nkhumba ku Mwape, mipando inathera m'mabawa. Zitsulo zofewa zonse, zoyera zija, anatenga bambo wina woumba mapoto, ndipo mwana wake akadali pa ntchito yomweyo kumapeto kwa msika. Amalume anathokoza, n'kunena kuti tipite kumeneko. ANjovu anati n'kutaya nthawi. Amalume anali atayamba kale kuyenda.

Tinafika kwa woumba mapoto dzuwa lili pamutu. Ndinali ndisanaonepo ntchito imeneyi. Pansi pa chisakasa cha malata panali ng'anjo ya makala, mnyamata akupukusa gudumu la njinga kuti mphepo ilowe. M'chitsulo chonga mphika munkasungunuka zidutswa za injini mpaka kusanduka madzi onyezimira. Madziwo ankawathira m'bokosi la mchenga, ndipo pakapita kanthawi ankafukula poto, wamakutu awiri, wotentha. Mapoto anali ataunjikidwa kuyambira aang'ono a tiyi mpaka aakulu oti mwana n'kusambiramo. Mwini wake anali bambo wa zipsera m'manja monse, wansangala. Anamvetsera nkhani ya amalume, n'kunena kuti akuikumbukira bwino milu ya kwa aSakala, chifukwa ndi imene anaphunzirira ntchito ali mwana. Makabuleta ankawakonda, ati amasungunuka msanga.

"Atate, ngati munadyako pa malilo kuno ku Nyimba, ndiye munadyela m'kabuleta yanu."

Anaseka yekha, kenako ataona nkhope ya amalume anakoka thumba la zitsulo zimene anali asanasungunule, n'kulikhuthula pansi. Anati asake, chimene apeze atenge ulere.

Amalume anavula jekete n'kundipatsa. Imeneyo inali nthawi yoyamba kundiyang'ana chichokere ku chigayo, ndipo anandiyang'ana ngati msomali wa pakhoma. Anagwada. Maso awo saona bwino, ndiye ankasaka ndi zala, kutola chitsulo chilichonse, kuchisisita, kuchitembenuza, kuchiika kumbali. Munali mapisitoni a njinga zamoto, mafelemu a mawindo, zitini za zakumwa zophwanyidwa, chigubu cha ketulo, chogwirira cha ndodo ya wolumala. Anatha ola lathunthu. Anthu anasonkhana, ena akufunsa ngati mdala wataya ndalama. Ine ndinadya nthochi zinayi, osati chifukwa cha njala, koma manja anga ankafuna chochita. Pomaliza mulu wonse unasamukira kumanzere. Amalume anakhala chogwada, manja ali bii, akuyang'ana pansi pamene panali mulu. Kenako anathandiza kubwezera zonse m'thumba, chimodzichimodzi.

Tinadya mabanzi n'kumwera munkoyo, thobwa la kwathu kuno, pa benchi ya pa siteshoni. ANjovu anakhala pakati kuti ndisayandikire amalume, ndipo sanandilankhule. Thuu koloko tinapeza minibasi yobwerera, makwacha eyite, ndipo ulendo uno amalume anakalowa kumbuyo kwenikweni popanda wowauza. Palibe amene anatchula giya. Titadutsa pa Minga aNjovu anayesa kuutsa moto. Anati mwina ku Chipata, anamva kuti kuli mmwenye wina amene sataya kanthu, ndipo Mabvuto akhoza kupemphedwa sabata ina imodzi.

"Ku Chipata nakonso amadya," anatero amalume.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuyang'ana ngolo iliyonse imene tinkaipitirira, ndipo zinali zambiri. Ndinayang'ana makasu a anthu okonza mizere m'minda, zitseko za makola, mapoto oyanikidwa pa thandala. Msewu wonse unali wodzaza ndi magalimoto a m'buku lija, kungoti anali odulidwa nthulinthuli. Ndinafuna kuuza wina zimenezi, chifukwa zinali zoseketsa, koma panalibe womuuza.

Tinafika pakhomo faifi koloko isanakwane. Mabvuto anali pa mulu wa mchenga akulankhula pa foni, ndipo atationa manja ali lende anadula. Anafunsa ngati taipeza. ANjovu anayamba kufotokoza za ine, akuloza ndi ndodo, koma amalume anawagwira mkono.

"Uwauze anyamata ako abwele mailo pa Chisanu, asalindile Chiwelu," anatero kwa Mabvuto. "Koma anole nkhwangwa. Sinifuna kumva akubwelezabweleza pamalo amodzi."

Analowa m'nyumba osadutsira ku mtengo wa mango.

Amayi anga atamva anandikwapula ndi nsapato ya pulasitiki n'kundiuza kuti ndikapepese. Sindinapite, ndipo sindidzapita. Kabuleta sindinabe ndine, mapoto sindinaumbe ndine, mashopu si anga. Galimoto ija ikanadulidwa Loweruka ngakhale ndikanakhala mwana wa kwaya. Ine ndinangochotsapo tsiku limodzi, ndipo m'malo mwake akuluakulu awiri anavala masuti, anathamangitsa ngolo, anauza siteshoni yonse kuti mkango ulira. Mwa nthabwala zanga zonse iyi ndiyo inapsa bwino, ndipo nditapeza nyuzipepala ina mawa ndikhoza kupita nayo ku fotokope.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti nthabwala imafuna munthu woti akuthamangitse. ANjovu anandilipira bwino, ndi ndodo ndi matemberero. Amalume sanandipatse kanthu. Ndinakhala pakhonde ndikudikira kuti mwina andiitana, anditukwane ngakhale kamodzi, ndimve kuti mkati muja mukadali munthu wokwiya. Chimene ndinamva ndi Mabvuto kuseri kwa mpanda, akufunsa pa foni ngati ekiselo amagula payokha kapena pa sikelo.